Thumba la Chigamba Chofiira

Luckness analiona thumbalo akadali pakhomo. Linali pakona, pansi pa matumba ena awiri, ndi chigamba chake chofiira chodulidwa ku chitenje chakale. Mtima wake unakhala pansi.

Unali mwezi wa Febuluwale, njala italowa ngakhale m'nyumba za malata. Kutchalitchi kwawo, kumapiri a ku Chezi, kuli nkhokwe ya mpingo. Pa masika banja lililonse limapereka chimanga, ndipo njala ikaluma chimagawidwa kwa osowa. Banja limodzi thumba limodzi, basi, mpaka mondokwa atacha. Luckness ankaseka anthu oima pamzerewu. Koma chaona mnzako chapita: ana ake anayi anali atagonera nkhwani masiku awiri.

Mwamuna wake Andreya anaima kumbuyo kwake, atavala jekete yachikopa imene anagula mu Juni, maso ali pansi. Manyazi, anaganiza Luckness. Amuna ndi manyazi awo osakhutitsa mwana.

Thumbalo ankalidziwa ngati mwana wobala yekha. Chimanga anatonola yekha, kupeta yekha, kuthira yekha mankhwala a anankafumbwe. Andreya, katswiri wosoka mabelo a fodya, anangoti, "Kusoka ndisiyireni," kenaka n'kulikweza panjinga. Pa Misa ya masika sikelo inalankhula yokha: panalibe lolemera kuposa lawo. Dzina la banja linatchulidwa kuguwa, m'manja munaombedwa, ndipo Luckness anayenda mwa "mundione" mwezi wathunthu.

Matumba enawo sankawakhulupirira. Anthu ena amapatsa Mulungu chimanga choti ndi nkhuku zomwe zingachikane, chofumbwa, chopepuka ngati mankhusu.

A Yosefe, katekisiti, anabwereza malamulo. "Wasankha wasankha, palibe kusintha. Ndipo mukhuthulire pamphasa pano, muwolere m'matumba anu. Athuwa atsala, tidzagwiritsa ntchito chaka chamawa."

Kutsogolo kwa Luckness kunali amake Promise, mayi wamasiye woyandikana naye nyumba. Awiriwa anasiya kupatsana moni mu Juni, pamene mulu wa mchenga umene Andreya anaunjika kuti akonzere khonde unaphwa mosadziwika bwino. Luckness sanafufuze. Anangoima pabwalo n'kulalata, atayang'ana nyumba ya mayiyo, mudzi wonse ukumva.

Tsopano, mwa matumba onsewo, chala cha amake Promise chinaloza lomwelo la pakona.

"Ilo ayi!" Luckness anadumpha mzere n'kulikhalira. "Ili ndi thukuta langa. Chigambachi ndinasoka ndine."

"Amake Tadala," Andreya analankhula motsitsa, "apatseni. Ndi amasiye."

M'chipindamo munamveka kung'ung'udza koyamikira. Munthu wa Mulungu uyu, anthu ananong'onezana. Anapereka lolemera, lero akulikananso.

"Ndiye ana anu adya chifundo?" Luckness anafunsa.

"Tengani lapamwambalo. Chimanga n'chimanga."

"Ayi."

"Chabwino, tiyeni tizipita. Tidzabwera mawa."

Andreya anali akutuluka thukuta ngakhale kunja kunali mitambo ndi kamphepo kozizira. Luckness anapsa mtima kwambiri. Zaka khumi ndi zisanu ali pabanja, mwamunayu sanapatsepo mlendo ngakhale chinangwa, ndiye kuyera mtimaku kumugwire lero, ana ali ndi njala?

Amake Promise sanakangane. Analoza thumba lina lopepuka, lophwa ngati mimba ya mbuzi yodwala, nakhuthulira pamphasa. Chimanga chachikasu, chaching'ono maso, apa ndi apo chobooka. Anayamba kuwola mwakachetechete. Luckness anamwetulira.

A Yosefe anamuyang'ana. "Mwasankha, mayi?"

"Ndasankha."

Panafunika amuna awiri kuti alikokere pamphasa ina, ndipo onse anabuula. A Yosefe anavutika ndi mpeni wawo, akuyamikira msoko. "Apa pokha bambo Andreya munasoka. Ngakhale nyerere singalowe."

Analipendeketsa. Chimanga chinatuluka choyera mbee, chonenepa, chopanda bowo ndi limodzi lomwe, chikununkhirabe mankhwala. Amayi pamzere anameza malovu. Luckness anaponya diso kwa mnansi wake kuti aone bwino mmene anthu olimbikira amalimira. Ndowa imodzi inatuluka, yachiwiri n'kuyamba.

Kenaka phokoso linasintha. Kuwayawaya kuja kunasiya, kunayamba kumveka kofewa, kwa fumbi, ndipo mphasa inafiira.

Amake Promise anamanga thumba lawo, nalisenza pamutu bwinobwino. "Mchenga wanu uja suwu, anzanga," anatero. "Wapezeka."

Luckness anatembenuka kuti afunse mwini msoko. Jekete yachikopa inali itadutsa kale pakhomo.