Paipi ya Pansi pa Riboni Yofiira

Piki itangolowa m'dothi, panamveka phwaa! Telala anayang'ana pansi. Kunsonga kwa piki kunali kutakola riboni yofiira yochenjeza za waya wa magetsi, ndipo pansi pa riboniyo paipi yotuwa inali itang'ambika. Anataya mpini ngati wagwira njoka, n'kudumphira kunja kwa ngalande imene amakumbayo.

Paipi imeneyi ankaidziwa. Anaiyala pansi ndi mlamu wake chaka chatha, kuti muzidutsa waya wochokera m'nyumba kupita ku pampu ya pachitsime. Inkayenda mokhotakhota, kutsatira mpanda. Tsiku limenelo telala anapita kuntchito atamusiya mlamuyo akutukwana, waya atakaniratu kudutsa m'makona. Koma pobwera madzulo anapeza zonse zili zokwirira bwinobwino, pampu ikulira.

Ngakhale tsopano inali kulirabe. Ndiye kuti moto unali momwemo, pansi pa chitsulo cha piki, m'dothi lonyowa chonchi!

"Bambo a mapasa, mwatani?" anafunsa mkazi wake, akubwera ndi khasu paphewa.

"Musayandikire! Kuno kuli imfa. Pitani mukakumbe maenje a nthochi aja apo, pakati pa nyumba ndi chitsime. Kumpanda kuno ayi."

Mayi anapita. Telala anaimbira foni wamagetsi wa mumsewu mwawo. Zoti akazimitse yekha pabokosi la magetsi, aaa, muiwale. Munthu wake ngakhale babu likapsa amadikira mkazi wake adzasinthe. Anangoima chapatali, maso ali pa piki ija. Ankaona mapasa ake ali amasiye. Kumbuyo kwake khasu linkamveka: khu, khu, khu.

Wamagetsi anafika ndi chikwama chake, n'kulunjika pangalandepo.

"Mwazimitsa?"

"Bokosi lija ndimaliopa, achimwene."

Wamagetsi anatsonya. Anatulutsa kachida kake koyezera, kamene kamayaka kakakhudza moto, n'kukagunditsa pa piki. Zii. Anagunditsanso. Zii. Anavala magolovesi, anazula pikiyo, n'kupisa zala m'ming'alu ya paipi. Telala anatsinzina, akudikira kumva mfuu.

Mfuu sinamveke. Atatsegula maso anaona wamagetsi atanyamula kachingwe ka nayiloni, kakuda ndi matope, kamene amakokera waya m'paipi.

"Paipiyi ndi yopanda kanthu, bambo. Chiikwirireni simunadutsepo waya."

Telala anakhala pansi m'matope momwemo, n'kuyamba kuseka, misozi ili mbwee. Mantha onse aja chifukwa cha kachingwe! Mlamu ameneyu adzamuona.

Koma wamagetsi sanaseke. Anali atatchera khutu kuchitsime.

"Nanga pampuyo ikulira ndi moto wochokera kuti?"

Maso ake anachoka pakhoma la nyumba n'kuyenda molunjika kuchitsime, njira yachidule imene munthu wotopa ndi makona angadutsitsemo waya. Pakati penipeni pa njirayo panali mayi a mapasa, osavala nsapato, dzenje litawafika m'mawondo, khasu lili m'mwamba.

"Mayi, siyani!"

Khu.

Pampu inasiya kulira.