Zikope Zofufutidwa pa Chithunzi

Panali munthu wina wojambula zithunzi, amene anali ndi situdiyo yaing'ono pakati pa telala ndi sitolo ya mafoni. Anthu ankamutchula kuti a Mwetulirani, chifukwa ndi mawu amene ankauza aliyense wokhala pa mpando wake. Ankadziwa kukonza nkhope pa kompyuta. Ziphuphu, makwinya, zipsera, zonse ankazichotsa. Nkhaniyi ndinaimva kwa munthu wa m'banja lomwelo.

Mkazi wake anali mphunzitsi. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, namwino pa chipatala chachikulu mumzinda wina wakutali. Mwanayo sankabwera kawirikawiri, ndiye anapempha kuti mwezi uliwonse azimutumizira chithunzi cha makolo ake.

Chaka china pa zikope za mayiwo panatuluka tizigamba tachikasu, tolimba ukatigwira, koma tosapweteka. Atapita kukasintha magalasi owerengera, wopima maso anayang'anitsitsa zikopezo kuposa maso enieniwo.

"Mayi, izi sizikundisangalatsa. Zachikasu zoterezi nthawi zambiri amakhala mafuta chabe, koma zanuzi zalimba. Mukaonane ndi dokotala wa khungu, ndipo akakupimeninso magazi."

"Magazi? Ine ndabwerera magalasi," anatero mayiwo akuseka.

Atafika kunyumba anauza mwamuna wawo. Iye anati, "Ndi ukalamba umenewo. Ine tsitsi linandithawa kalekale, ndani anandipima magazi?"

Tsiku lojambula chithunzi cha mwana litakwana, mayiwo anaima kumbuyo kwa mwamuna wawo n'kuona nkhope yawo pa kompyuta.

"Bambo, chotsani izo. Mwana akaziona ayamba kuimba foni m'mawa ndi madzulo, ntchito yake isokonekera."

"Timubisire?"

"Anthu osawadziwa mumawakongoletsa tsiku lililonse. Mkazi wanu yekha ndiye azioneka ngati nthochi yakupsa?"

Anachotsa, ndipo sizinamutengere nthawi. Mwana atalandira chithunzicho anayankha kuti, "Amayi simukukalamba ayi. Ababa akukusamalani."

Mwezi wotsatira anachitanso chimodzimodzi. Tizigamba tija tinakula, tinafika pansi pa maso, tina n'kusanduka zilonda. Mwana akaimba foni ya vidiyo, mayi ankati netiweki ikuvuta, angolankhulana pakamwa. Kufufuta kutayamba kuvuta, a Mwetulirani anatenga zikope pa chithunzi chakale cha tsiku la ukwati wawo, n'kumaziika pa nkhope ya mkazi wawo.

Kenako mayiwo anasiya kuphunzitsa. Ankati fumbi la choko likuwaotcha m'maso. Ankatopa msanga, msana unkawapweteka. Mwamuna wawo akatchula za chipatala, ankayankha kuti, "Sukulu akatsekera." Koma kusukuluko anali atasiya kale.

Tsiku lina masana mwana uja anafika osanena. Anapeza mayi ake atagona pa mpando wa pabalaza, maso ali otsegula.

"Amayi, ndabwera."

Sanayankhe. Anali m'tulo. Zipsera zinali zitakoka zikope moti sizinkatsekanso, ndipo diso lakumanzere linali litachita mbuu.

Mwanayo anaika chikwama pansi n'kupita ku situdiyo. Anadikira kasitomala atuluke.

"Ababa, zinayamba liti?"

"Papita kanthawi."

"Nanga chithunzi cha mwezi watha chija ndi cha ndani?"

Bamboyo anangoyang'ana kamera yake.

Atapita nawo kuchipatala, mayiwo anawadula kachikopa kakang'ono pachikope n'kuwatenganso magazi. Zotsatira zitatuluka, dokotala anawakhazika pansi onse atatu. Anati ndi matenda a khungu osowa kwambiri, amene amakonda kuyambira m'zikope, ndipo kawirikawiri amayendera limodzi ndi vuto la m'magazi. Mwa mayiwa vutolo linali litafika pa khansa ya m'mafuta a m'mafupa. Diso lakumanzere linauma chifukwa chosatseka, ndipo silikanaonanso.

"Tikanayamba msanga, disoli likanapulumuka. Zinazo sindingalonjeze, koma tikanakhala ndi poyambira," anatero dokotala. "Muli ndi zithunzi zakale? Ndikufuna ndione mmene zinayambira, ndi mmene zakulira."

"Zilipo zambiri," anatero mwana. "Mwezi uliwonse."

Bamboyo anapereka foni yake. Dokotala anayang'ana chithunzi choyamba, chachiwiri, chachitatu. Anayang'ana mayi amene anakhala patsogolo pake, n'kubweza foniyo.

"Zosakonza zilipo?"

"Ndinkazifufuta. Sankafuna kuziona."

"Musawakalipire," anatero mayiwo. "Ndinkawatuma ndine. Ntchito yawo amaidziwa."

Palibe anaseka.

Mayiwo analandira mankhwala kwa miyezi ingapo. Mwamuna wawo ankawadonthezera mankhwala m'maso, ndipo akafuna kugona ankawaphimba zikope ndi kansalu konyowa. Mayiwo anamwalira chaka chotsatira.

Maliro atatha, mwana anapempha bambo ake chithunzi chimodzi chokha chosonyeza mayi ake mmene analili zaka zomalizazo. Anati akufuna aone nkhope imene sanaloledwe kuiona. Bamboyo anafufuza mu kompyuta, m'foni, m'kamera. Sichinapezeke.

Pabalaza pali chithunzi chachikulu, chokongola, cha mayi wa imvi ali ndi zikope za mtsikana. Bamboyo anatembenuza mpando wake, amakhala moyang'ana kukhomo.

Situdiyo ikadalipo. Munthu akati amuchotse kachigamba pankhope, a Mwetulirani amafunsa kaye kuti, "Dokotala wakaona kale?" Ena amakwiya n'kupita kwina. Iye sawaletsa.

Phunziro: Chotupa kapena chigamba cha pachikope chimene chikukula, kulimba kapena kuchita chilonda si chophimba ndi paudala kapena chofufuta pa foni. Zambiri si zoopsa, koma wodziwa zimenezo ndi dokotala, ndipo akati mukapimitse magazi, pitani. Musabisire ana anu matenda poopa kuwadetsa nkhawa. Nkhawa imatha, koma chisoni chodziwa mochedwa sichitha. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene makolo awo amawaona pa zithunzi zokha.