Nyale ya a Nachisale Pakhoma la Tchalitchi

M'mudzi wina, lamulo linali loti banja lililonse likhale ndi nyale imodzi basi, ndipo sabata yake ikakwana, liwalitse nayo tchalitchi chakale. Alendo akadutsa osaima kuti aone tchalitchicho, nyaleyo inkalandidwa.

Anzawo onse ankaipachika m'mwamba, koma a Nachisale, poopa makwerero, anangoikhazika pansi m'mbali mwa khoma. Kuwala kunakwawa panjerwa, zidindo za manja a oumba akale n'kuonekera zonse.

"Bambo a Lonjezo, thamangani!" anakuwa uku akuvina. "Dzanja ili lili ndi zala zinayi. Si agogo anu aja anaduka chala ndi chikwanje?"

Amuna awo anaikapo dzanja lawo, akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Alendo anandanda pamzere.

Sabata yotsatira, makwerero onse m'mudzimo anasanduka nkhuni.