Timba ndi Ngumbi Zotuluka Popanda Mvula

Padangokhala, chaka china mvula itachedwa, Pumbwa adatera pamkuyu pomwe ana a mbalame ankasewera. Iyeyu ankadzitama kuti nkhani iliyonse imayambira pamlomo pake.

"Ana inu, ngumbi zatuluka pachulu cha kudambo," adatero. "Wochedwa akatola mapiko okhaokha."

Onse adayamba kukupiza mapiko, koma Timba, wochepetsetsa pagulupo, sadasunthe.

"Mwaziona ndi maso anu, achimwene?" adafunsa Timba.

"Wandiuza Mpheta."

"Nanga Mphetayo waziona?"

"Wamva kwa Njiwa. Kamwana iwe, mafunso sakhutitsa."

Anzake adamuseka Timba, ndipo zidamuwawa, poti nayenso njala idali itamupota. Koma ankadziwa kuti ngumbi sizituluka nthaka ili gwa. Adawapempha kuti amudikire pang'ono, nauluka kukafunsa Njiwa.

"Ine ndangomva mawu ochokera m'udzu," adayankha Njiwa. "Mwini mawuwo sindinamuone."

Timba adakazungulira chulu chija ali m'mwamba. Padalibe ngumbi ngakhale imodzi, koma m'udzu mudali mchira wa Vumbwe ukugwedezeka pang'onopang'ono.

Atabwerera adawauza anzake kuti, "Inenso musangondikhulupirira. Tiyeni mukaone nokha, koma osatera."

Adapita, adauona mchirawo, nabwerako onse amoyo. Tsikulo Vumbwe adagona ndi njala, Pumbwa adasowa poyang'ana, ndipo Timba adakhala panthambi yapamwamba atatukula chifuwa.

Mpaka lero Pumbwa akafika ndi nkhani, ana a mbalame amayamba amufunsa kuti, "Mwini mawuwo mwamuona?"

Nthano yanga yathera pomwepo.