Katoni ya Matepi a Malemu Bambo

Panali munthu wina amene abale ake anamupatsa dzina loti Ndikudziwa, chifukwa ukangoti umuuze kanthu, usanamalize n'komwe, wayankha kale kuti "ndikudziwa." Anthu otere amanditopetsa ine, ndipo nkhaniyi ndikuifotokoza mtima ukuwawa.

Bambo ake atamwalira anasiya katoni yodzaza matepi akale a vidiyo. Malemuwo anali munthu wokonda kuimba, moti m'tepi iliyonse munali nyimbo yawo. Mayi ake, amene anatsala okha, ankangoti, "Nditangomvako mawu a bambo anu kamodzi kokha, mtima wanga ungakhale m'malo." Koma deki yoonetsera matepi inali itafa kalekale.

Ndikudziwa anati ntchito imeneyo amusiyire. Anabwereka deki kwa mnzake wa kuntchito, n'kugula kachipangizo kolumikizira deki ku kompyuta kuti akopere zonse aziike pa zimbale. Kachipangizoko kanali ndi zingwe zitatu, chachikasu, choyera ndi chofiira. Atalowetsa chachikasu, chithunzi chinatulukira pa kompyuta. Zinazo zinakana kulowa chifukwa mabowo a kumbuyo kwa deki anali atachita dzimbiri, ndipo mkulu uja anangozisiya zikulendewera.

Mkazi wake anafunsa, "Nanga zingwe ziwirizo, bambo?"

"Zapadera zimenezo. Chithunzi si ichi chikuonekachi?"

"Koma bwanji sizikumveka?"

"Sipika ya kompyutayi inafa chaka chatha, mwaiwala? Kazipitani mukaone zina."

Zoona, sipikayo inali yakufa. Ndiye munthu wanzeru akanatani? Akanayesa chimbale chimodzi kwina! Koma iye ayi. Ankangoika tepi, n'kutuluka kukacheza panja, kubwera, kusintha, kuika ina. Zimbale zonse anazilemba bwinobwino ndi cholembera chakuda, n'kuzijambula kutumizira abale pa foni kuti amuyamikire.

Mchemwali wake wamkulu anamuimbira. "Achimwene, mwagwira ntchito. Koma matepiwo musawataye kaye, mpaka tionere limodzi zimbalezo."

"Ndikudziwa, achemwali."

Katoni ija inali kusunga mphemvu pansi pa bedi, ndipo inkamunyansa. Tsiku lina akusesa anaikokera panja. Mkazi wake anaigwira mbali ina.

"Tangoyesani chimbale chimodzi kwa aneba, chonde. Ndi pafupi pomwepa."

"Kodi mumanditenga ngati mwana ine? Siyani katoniyo!"

Anakaikhuthulira kudzala, kuthira parafini, kuyatsa. Utsi wakuda unakwera mpaka aneba anatseka mawindo.

Linafika tsiku lokaonera kwa mayi. Ana, zidzukulu, alamu, onse anadzaza pabalaza. Mayi anavala magalasi awo n'kukhala kutsogolo. Ndikudziwa analowetsa chimbale monyadira, ndipo pa TV panaoneka malemu atanyamula kamdzukulu, mutu ukugwedezeka, kukamwa kuli yasa. Koma mawu, zii.

"Kwezani voliyumu," anatero mayi.

Anakweza mpaka pamapeto. Zii.

"TV yanuyi ndi imene ili ndi vuto," anatero Ndikudziwa.

Mlamu wake anatenga limoti n'kusinthira ku nkhani za pa TV, ndipo phokoso linaphulika mpaka khanda linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Anayesa chimbale china, kenako china, kenako zonse. Malemu ankaseka, ankaomba m'manja, ankaloza wojambula, koma osamveka ngakhale kutsokomola. Zingwe ziwiri zolendewera zija ndi zimene zimanyamula mawu.

Mchemwali anapumira m'mwamba. "Basi, zachitika. Katengeni matepi tikoperenso."

Mkazi wa Ndikudziwa anayang'ana pansi.

"Achimwene, ndati matepi."

"Ndinatentha."

"Mwati chiyani?"

"Munali mphemvu, achemwali."

"Mphemvu! Mwawotcha mawu a bambo chifukwa cha mphemvu? Si ndinakuuzani ine? Si anakuuzani mlamu wangayu?"

Pabalaza panabuka chipwirikiti, aliyense akukalipa. Koma mayi anangokokera mpando wawo pafupi ndi TV mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, maso ali pa milomo ya amuna awo. Onse anatembenukira kwa mayiwo.

"Iyi ndi ija ankaimba akamasita malaya," anatero mayi, n'kuyamba kuing'ung'udza. Anangofika pakati n'kusiya. "Ayi, si imeneyo. Tabwezerani kumbuyo, mwanangu. Sindinaone bwino pakamwa."

Ndikudziwa anabwezera. Mayi anamuuza kuti abwezerenso.

Phunziro: Usataye chakale usanayese chatsopano ndi maso ako komanso makutu ako. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo madzi akatayika saoleka. Ngati kwanu kuli matepi a makolo ndipo kuli wina wosauzika amene walonjeza kuti akopera, mutumizireni nkhaniyi lero, mutumizirenso abale onse, machesi asanafike m'manja mwake.