Tswii wa mu Injini ya a Yotamu

"Lizaninso," anatero a Yotamu, mutu uli kunsi kwa boneti.

Overton, mkamwini wawo, anapotokola kiyi. Injini inabangula, zitini za oyilo n'kuyamba kugundana pa shelefu ya mu galaja. A Yotamu anakokera chisoti chawo chaubweya mpaka m'makutu, nachisisita cha kumanzere monga mwa chizolowezi, n'kuwerama. Ndipo kanabwera. Tswiii. Kaphokoso kakang'ono, kosongoka ngati singano.

"Ako! Mwakamva?"

"Ndakamva, bambo."

"Zimitsani."

Galimotoyo inali ya ku America, ya mu 1969, yofiira, yayitali ngati bwato, ya masilinda asanu ndi atatu. A Yotamu anaigula ili chiphakasa kwa mkulu wina wa ku Middlesbrough, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zinathera poiukitsa. Anali atalonjeza mwana wawo Alinafe kuti pa tsiku la ukwati wake adzapita ku tchalitchi pa galimoto imeneyi, iwo ali pa chiwongolero. Ukwati unali Loweruka. Tsikuli linali Lachinayi. Mayi Gertrude, akazi awo, anali atanena kale mosapita m'mbali kuti ikapanda kuchira pofika madzulo, mkwatibwi akwera galimoto yahayala.

Kaphokosoka kanayamba masabata atatu apitawo, pomwe chisanu cha ku Sheffield chinayamba kuluma. Inali sabata yomweyo imene Mayi Gertrude anawakokera amuna awo kuchipatala, a Yotamu n'kubwerako ali ndwii, osafuna kufunsidwa. Kuyambira pamenepo mtendere wawo unali mu galaja, ndiye nako kukatulukira zimenezi.

Anasintha lamba wa fani. Tswii. Anathira girizi paliponse polowa chala. Tswii. Anagula pampu yamadzi yatsopano, kudikira masiku asanu kuti ifike. Tswii. Chopweteka mtima n'chakuti kanthuka kankayenda. Akaika mutu ku alitaneta, kali komweko. Akazungulira ku kabureta, kafikako kale. Ngati kakuwaseka.

Ndi chifukwa chake anaitana Overton, mkwati mwiniwake, amene ntchito yake n'kukonza injini za mabasi. Chinkhoswe chinali chitachitika kale ku Lilongwe, choncho Overton anali mkamwini, ndipo ukamwini ankaudziwa. Kwawo anamulera bwino. Sankayang'ana apongozi kumaso. Popereka sipanala ankagwira ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono, kenako n'kubwerera m'mbuyo. A Yotamu poyamba zinkawasangalatsa. Pofika tsiku lachinayi zinali zitawakwana.

"Inu ndinu makaniko wa mapepala. Ndiuzeni, vuto n'chiyani?"

"Injiniyitu ili bwino, bambo," anatero Overton.

"Mwati chiyani? Ana a masiku ano mumayankhulira m'mimba!"

"Ndati injini ili bwino."

"Ili bwino? Nanga chikulira ndi ine?"

Overton anayang'ana nsapato zake. A Yotamu anapukusa mutu. Mtima wawo unayamba kukayika za munthu amene akumupatsa mwana wawo. Mabasi a mumzinda uno amayenda bwanji ngati okonza ake ndi otere? Munthu masiku anayi angoti inde bambo, inde bambo, osatchula ngakhale bawuti imodzi.

Anatenga sikuludiraiva yayitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchitsamiza pa chisoti cha kukhutu, monga ankachitira amakaniko a ku Ndirande iwo ali mnyamata.

"Lizani!"

Tswiiiiii! Ulendo uno kanalira mokweza kuposa masiku onse.

"Basi, ndakapeza!" anafuula a Yotamu injini itazima. "Kali m'kati. Ndi mavavu. Tichotsa mutu wonse wa injini."

"Bambo, tikatsegula lero, Loweruka siyenda. Magasiketi ake sapezeka kuno."

"Ndiye mukufuna mwana wanga akafike pa tchalitchi galimoto ikulira ngati mbewa ya pa msampha? Alendo onse aja ochokera ku Salford ataima pakhomo ndi mafoni? Patseni sipanala."

Overton anapereka, ndi manja awiri. Kenako anatulutsa foni n'kuyamba kudinadina msangamsanga, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira. A Yotamu anamuona ndi pakona ya diso. Apongozi ali pa ntchito, mkamwini ali pa foni. Anasunga mawu awo kuti adzamuuze Alinafe.

Bawuti yoyamba inakana. Anaithira mafuta, n'kuikankha ndi mphamvu zonse, chala n'kusupuka. Inamasuka. Yachiwiri nayo inamasuka. Ali pa yachitatu, chitseko cha galaja chinatseguka. Analowa Mayi Gertrude, akadali mu yunifolomu ya unamwino, chikwama chili paphewa, foni yoonetsa uthenga wa Overton ili m'manja. Zaka zisanu ndi chimodzi anali asanapondemo mu galajamo.

"Bambo a Alinafe, taimani kaye. Kaphokoso kanuko ndikufuna ndikamve nane."

"Injini ndayamba kale kumasula, siingalire."

"Palibe kanthu. Weramani ngati mukumvetsera. Chitani zonse zija mumachita."

A Yotamu anang'ung'udza, koma anawerama. Dzanja linapita lokha kukasisita chisoti cha kumanzere. Mu galaja munali zii, kiyi ali m'manja mwa Overton.

Tswiii.

Mayi Gertrude anawavula chisoti, n'kuzula kukhutu kwawo kachipangizo kothandiza kumva, kaja analumbira pochokera kuchipatala kuti sadzakavala. Phokoso linatheratu. "Kameneka mukakakweza n'kukaphimba ndi chisoti kamalira. Nanga inu a Overton, simunadziwe?"

"Ndinadziwa tsiku loyamba, amayi," anatero Overton, maso ali pansi. "Koma mkamwini angayambire pati kuuza apongozi ake kuti akulira ndi iwowo?"