Maliro a Bambo Simoni

"Vulani nsapatozo, mayi. Mukhale apo, pakhoma logumukalo," anatero Chancy uku akusakaniza penti.

Mayi Faness anayang'ana khoma la khola la mbuzilo n'kulavula. "Bwanji osandijambula nditatchena?"

"Ndinakujambulani pa ukwati wa Jenifer, anthu khumi anasiya kulipira. Amene amandilipira mwezi ndi mwezi pa intanetiwa safuna kuona munthu wa ku Nsanje atasamba. Amafuna matope."

Mayi Faness anakhala pansi monyinyirika. Chancy atamaliza chithunzicho analemba m'munsi mwake kuti uyu ndi mayi wamasiye, mwamuna wake anapita ndi madzi a Shire, n'kuchiika pa intaneti. Sabata yomweyo olipira anachuluka.

Loweruka m'mawa kunamveka nyimbo ya maliro kumsewu. Amayi a kwa Tengani, kwawo kwa mayi Faness, analowa pabwalo atasenza nkhuni ndi ufa wamapira, ena akulira kale. Mwana wa mmodzi wa iwo, wa ku Blantyre, ndiye anaona chithunzicho n'kuimba foni kumudzi.

Chitseko chinatseguka. Bambo Simoni, amuna awo a mayi Faness, anatuluka mswachi uli kukamwa. Nyimbo ija inaduka.

"Wamwalira ndani?" anafunsa.

"Inuyo," anayankha mayi Faness. "Wakuphani ndi mwana wanuyu. Zonyansa!"

Onse anatembenukira kwa Chancy. Iye anali atakweza kale foni, akujambula.

"Bambo, tabwererani kaye m'nyumba," anatero motsitsa mawu. "Amayi inu, musasiye kulira."